Sefa Imene Ndinagula ndi Makutu

Agogo anga anabwera kudzakhala nane ku Dowa chaka chimene maso awo anachita ng'ala. Ndiwo anandilera kumudzi kwathu, kufupi ndi Kasakula ku Ntchisi, makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Anali atagwa kale kawiri panjira ya kudimba, ndipo ndinkaopa kuti ulendo wachitatu sadzadzukanso. Koma m'mawa uliwonse ndikamakonzekera kupita kuntchito, ndinkawapeza atamanga kamtolo ka zovala, ndodo ili pamiyendo.

"Lero ndiye undiperekeze kwathu."

"Loweruka, agogo."

"Loweruka lakolo linasochera kuti? Nyumba yanji ya zii chonchi? Ngakhale nkhuku yopalasa pabwalo, ayi."

Mbali ina ya ziiyo ndinali ine. Sindinakhalepo munthu wa nkhani. Kuyambira ndili mwana ndinkangokhala pambali n'kumayang'ana, ndipo agogo anandizolowera choncho. Koma kumudzi kunali anthu ena owayankhula.

Pabalaza panga panali thanki ya galasi yowetera nsomba, imene mnzanga wa kuntchito anandisiyira posamuka. Ndinaikamo mchenga, matemba asanu, ndi zomera zimene ndinazula m'kamtsinje ka kumunsi kwa dimba la agogo, zija za masamba opyapyala ngati tsitsi. Zinagwira bwino, koma madzi ankada msanga, moti panafunika sefa. Agogo nsombazo sankaziona. Ankangopapasa galasi n'kunena kuti, "Ndiwo zatsekeredwa m'kabati, eni ake tikudya nyemba."

Tsiku lina mpopi wa panja unatsala ukudontha m'ndowa. Nditabwera masana ndinapeza agogo atakokera mpando pakhomo, mutu atapendeketsa, akumvetsera. Za kamtolo sanatchule tsiku limenelo. Ndinangozisunga mumtima.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Lilongwe, kusitolo ina yogulitsa zipangizo za nsomba. Mwini wake anali bambo wa kachipewa koyera, wokonda nthabwala.

"M'thanki mwanumo muli zomera, asisi?"

"Zilimo."

"Ndiye tengani iyi ya siponji. Imakhala pansi phee, n'kumangotulutsa timathovu. Zomera sizifuna madzi othamanga."

Pashelefu ya pamwamba panali ina, kabokosi kokoleka m'mphepete mwa thanki, kamene kamakoka madzi n'kuwathiranso kuchokera pamwamba. Ndinaloza imeneyo.

"Iyo ndi ya thanki yaikulu. M'kanu kaja ikazula zonse, matemba azikasambira ngati awona ng'ona."

"Tayatsani ndimve."

"Mumve? Asisi, ngati mukufuna wailesi, sitolo yake ndi yachiwiriyo."

Komabe anaikoleka pathanki ina n'kuyatsa. Ndinatsinzina. Kunamveka ngati pamalo paja pa mtsinje wa kwathu pamene madzi amagwera pakati pa miyala iwiri, pomwe ine ndi agogo tinkachapira. Sizinafanane kwenikweni, koma zinayandikira. Ndinaganiza za zomera zanga, kuti ndinayenda nazo m'chigubu kuchokera ku Ntchisi, ndipo ndinadziwa kuti bamboyo akunena zoona. Ndinagula yaphokosoyo.

"Mukadzabwera ndi madandaulo," iwo anatero akukulunga, "ine ndidzati sindikudziwani."

Zonse zinachitika monga ananenera. Pasanathe sabata zomera zinayamba kuzuka n'kumayandama. Ndinkazipanikiza ndi timiyala, mawa lake n'kupeza masamba atakakamira pakamwa pa sefa. Matemba anaunjikana pakona. Ine m'malo mochepetsa mphamvu, ndinapungula madzi pang'ono kuti agwe kuchokera patali, amveke bwino.

Agogo anasamutsira mpando wawo pafupi ndi thanki. Anayamba kuyankhula okha zinthu zimene sindinawafunse: dimba la yani lili kumtunda, ndani ankaba nzimbe, mkuyu uja unagwa chaka chiti. Magetsi akazima ankandikalipira ngati ndine ndazimitsa. Kwa masabata atatu kamtolo sikanamangidwe. Zovala zawo ndinaziika m'kabati, pamodzi ndi zanga, ndipo sanakane. Ndinkapita kuntchito mtima uli m'malo.

Kenako mvula inayamba. Inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi ndinawapeza ataima pakati pa balaza, kamtolo kali m'manja.

"Madzi akowa ndawamvetsera mokwanira," anatero. "Mvula yonseyi, iwo mawu ake omwewo. Mtsinje wathu uja panopa wadzaza, wafiira, mwina wakokolola ndi mitengo yowolokera yomwe. Ndinayamba kuiwala, mwanawe. Wandikumbutsa ndiwe. Ndikufuna ndikaumve."

Ndinali ndi mayankho ambiri: matope, njira yoterera, mankhwala awo a m'maso. Ndinayang'ana manja awo mmene anagwirira mfundo ya kamtoloko, kenako ndinapita kukalongedza chikwama changa.

Tinanyamuka m'mawa mwake. Minibasi inatisiya pa Ntchisi, kenako tinakwera njinga zamoto, agogo atakumbatira woyendetsa kwinaku akumulangiza njira imene iwo sankaiona. Mkazi wa msuweni wanga anavomera kuti azigona nawo ndi kuwaphikira. Ndinkadziwa kuti ali ndi ana ake anayi ndi fodya wa kumunda, ndipo sangawayang'anire monga ine. Ndinathokoza basi.

Agogo m'nyumba sanalowe. Anandigwira pamkono kuti titsikire kudimba. Tinayenda pang'onopang'ono, ine ndikuwauza pamene pali muzu ndi pamene pali dzenje, iwo akundiyankha kuti akudziwa. Mtsinje tinayamba kuumva tisanafike pa nthochi. Unalidi wofiira, utakwera mpaka m'mizere ya mpiru, ukukokera mapesi ndi zinyalala. Anakhala pamwala wonyowa, ndodo n'kuigoneka pambali.

Anakhala kumudziko mpaka nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Ndinkapitako mwezi ndi mwezi, koma tsiku limene ndimalikumbuka ndi limenelo.

"Pita tsopano," anatero, nkhope atalozetsa kumadzi. "Njinga zikusiya."

Ndinabwerera m'mbuyo mapazi angapo n'kuima pansi pa nthochi. Ndinkayesa kuti phokoso la mtsinje landibisa. Panapita nthawi ndithu.

"Ukadali pompo," anatero osatembenuka. "Bwera ukhale pansi, nanga uimirira mpaka liti?"