Dzina limene Killion Manda anakana

Killion Manda anabwerera ku Kande mu 1969, atagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya malasha ku Wankie. Anabwera ndi khutu lofufuma ngati bowa ndiponso chikho chamkuwa chimene zilembo zake zinali zitafufutika. Iye ankati anachilandira pa mpikisano wogwetsana wa anthu a m'migodi, ndipo kuti msana wake sunakhudzepo dothi. Anzake awiri amene anali naye kumeneko amasiyana mawu: wina amavomereza, wina amati zikho zotere zinkagulitsidwa pamsika. Chimene palibe amene amatsutsa nchakuti kuchokera ku Chintheche mpaka ku Usisya panalibe amene anamugwetsa.

Anthu sanakhulupirire kuti zimenezi zinali za luso lokha. Ena ankati ali ndi mphini m'chiuno, ena ankati amadzola mafuta a mpasa kuti aziterera. Mkazi wake Estere, amene onse ankamutchula kuti Nyalongwe, ankangoyankha kuti mafuta akadakhalapo akadathira m'ndiwo.

Anayamba kuphunzitsa pamchenga, kuseri kwa matandala oyanikapo usipa. Kunkabwera asodzi, ndipo Loweruka kunkabweranso antchito a ku esiteti ya mphira, ambiri mwa iwo ochokera kumwera. Miyezi yoyamba sankalola munthu kugwira mnzake. Ankawaphunzitsa kugwa basi: chibwano pachifuwa, mkono kumenya mchenga thupi lisanafike pansi.

"Ada Manda, tinabwerera kugwetsa anthu ife, osati kukumba mchenga ndi misana," anadandaula tsiku lina Jailosi, wocheka mitengo ya mphira wa ku Thyolo, amene anali wophunzira wamphamvu kuposa onse.

"Iwe ukafuna kugwa, pita kumowa, akakuphunzitsa ulere," anatero Killion. "Kuno timagwa ndi kudzukanso."

Tsoka linabwera mu 1974, tsiku la malipenga, gule atatha. Munthu wina wamtali, wonyamula katundu pasitima ya pamadzi, anaputa Killion pabwalo. Sanachedwetsane. Killion analowa pansi pa mkono wake, nam'kweza pachiuno, nam'tula chagada. Jailosi analumpha ndi chimwemwe, nafuula kuti, "Ngwazi! Ada Manda ndi ngwazi!"

Kwawo kwa Jailosi mawuwo anali akale, otamandira mlenje kapena munthu aliyense wosagonja. Koma m'zaka zimenezo dzinali linali ndi mwini mmodzi yekha m'dziko lonse, ndipo chithunzi chake chinkapachikidwa m'sitolo iliyonse. Wamkulu aliyense anangoyang'ana amene wayandikana naye. Ana okha ndiwo analitola dzinalo, namaliimba m'njira yonse.

Posakhalitsa kunabwera Bernard Kamanga, tcheyamani wa nthambi ya chipani. Anakhala pakhonde la Killion, nakana madzi.

"Timoneni, ada," anapereka moni mwaulemu. "Ndangobwera ndi funso la kusukulu. M'dziko muno muli ngwazi zingati?"

"Imodzi, a tcheyamani."

"Inenso ndimadziwa choncho. Koma kuboma amva kuti ku Kande kuli ina, ndipo ili ndi anyamata ake amene imawaphunzitsa kumenya nkhondo. Ine ndawauza kuti ndifufuze kaye. Musandichititse manyazi."

Aliyense ankadziwa kumene nkhani zotere zinkathera. Galimoto inkabwera, munthu nkutengedwa, ndipo abale ake sankafunsa kuti wapita kuti. Kuyambira tsikulo ophunzira anayamba kukayikirana. Asodzi ankati wakanena kuboma ndi mmodzi wa a ku esiteti. A ku esiteti ankati ndi msodzi wansanje. Ena ankati Jailosi anafuula dala, atatumidwa. Palibe umboni umene unapezeka, ndipo nkutheka kuti Bernard anangomva nyimbo ya ana ija, nawonjezera za kubomazo kuti aopedwe.

Kukana dzinalo pakamwa sikukadathandiza, chifukwa ana sankasiya kuliimba. Jailosi anabwera akulira, napempha kuti alimbane poyera, kuti anthu aone mphunzitsi akugonja.

"Ukandigwetsa iwe, dzinalo lisamukira kwa iwe," anatero Killion. "Ukufuna galimoto ija ikaime ku esiteti?"

Loweruka lotsatira, anthu atadzaza pamchenga, Bernard ali pomwepo, Killion analengeza kuti ayesa ophunzira ake mmodzimmodzi. Anayamba ndi Mateyu, mlimi wa chinangwa woonda, wachifuwa chosatha, amene ankabwera kudzaphunzira chifukwa mkazi wake ankamuseka. Anagwirana m'mapewa. Mateyu anaponya mwendo mwamantha, ndipo Killion Manda anagwa chagada, mchenga nkuti fwaa.

Chiseko chinaphulika. "Wagwetsedwa ndi phesi!" anakuwa msodzi wina. "Mphini zatha mphamvu!" Bernard anaseka mpaka kupukuta misozi. Panalibe munthu, ngakhale mwana, amene akadatchula Mateyu dzina lija. Pofika Lamulungu ana anali ndi nyimbo yatsopano, ya mkulu amene anapunthwa pa chinangwa, ndipo galimoto sinabwere.

Mtengo wake unali wowawa. Ophunzira ambiri anasiya, poti sakadaphunzira kwa munthu wogwetsedwa ndi Mateyu. Anatsala ochepa, Jailosi ali pakati pawo, ndipo Killion anawaphunzitsa mpaka mawondo atakana. Iye mwini sanalimbanenso poyera.

Funso lakuti anagwa dala silinathe. Mateyu anakhala moyo wake wonse akulumbira kuti anapambana mwachilungamo, ndipo ankaonetsa mwendowo kwa aliyense womugulira mowa. Ena amati Killion anali atakalamba kale, ndipo nkhani ya kugwa dala anaipeka omukonda. Nyalongwe, amene anaima pafupi, anati anaona chibwano cha mwamuna wake chili pachifuwa ndi mkono utatambasuka kale, mwendo wa Mateyu usanamukhudze. Komabe mboni imeneyi inali mkazi wake.

Jailosi anafunsa Killion za nkhaniyi kamodzi kokha, patapita zaka, akukonza ukonde limodzi. Killion sanavomere ndipo sanakane. Anapitiriza kumanga mfundo, nati, "Mchenga wa ku Kande ndi wofewa, mwana wanga. Kumene ankafuna kunditengera amagona pa simenti."