Chisipanishi cha Loweruka ku Thamesmead

Tinafika ku Thamesmead, dera lina la mzinda wa London, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ine, amuna anga ndi mwana wathu wamkazi amene anali atangotsala pang'ono kuyamba sukulu. Amuna anga anabwera kudzaphunzira za uinjiniya, ndipo ine ndinapeza ntchito pa nyumba yosamalira okalamba. Tinkakhala m'fulati ya m'mwamba, m'zinyumba zasimenti zosapenta zimene zinangoti ndandanda pafupi ndi mtsinje. Sitima sinkafika kumeneko. Kulikonse kumene ukufuna kupita, unkayamba wadikira basi, mphepo ya kumtsinje ikukulowa mpaka m'mafupa.

Khomo loyang'anana ndi lathu linali la mayi ena a ku Colombia, aafupi koma a mawu aakulu. Ankalawira m'mamawa kukakolopa m'maofesi a m'tauni, ndipo tinkakumana pa masitepe chifukwa chikepe chathu chinkangokhalira kufa. Tsiku lina tikukwera ndi majumbo, anandiloza n'kunena kuti, "Vecina." Ndinayesa ndi dzina la munthu. Analoza khomo langa, n'kuloza lawo, ndiye ndinazindikira kuti akunena munthu woyandikana naye nyumba. Ndinawauza kuti kwathu timati aneba. Kuyambira pamenepo iwo ankandiitana kuti vecina, ine n'kumawaitana kuti aneba, ndipo zotsalazo tinkalankhula m'Chingelezi, chawo chothyokathyoka, changa cha m'mabuku.

Anali ndi mwana wamkazi wamsinkhu umodzi ndi wanga. Anawa analowa kalasi imodzi ndipo sankasiyana. Posakhalitsa tonse awiri tinaona chinthu chofanana. Ndikamuuza wanga kuti, "Bwera udzasambe m'manja," ankamva bwinobwino n'kubweradi, koma yankho lake linkatuluka m'Chingelezi. Kwa aneba nakonso kunali chimodzimodzi. Zitseko zikakhala zotsekula ndinkamva mawu a mayi akuthamanga m'Chisipanishi, kenako kamawu kakang'ono kakuyankha m'Chingelezi cha m'misewu ya London.

Ine ndinkangoti ndi mmene zimakhalira kudziko la eni. Koma kwa aneba kunabwera bambo awo, amene anaitanitsidwa akazi awo atamwalira. Anali munthu wamtali, wowonda, telala wa moyo wake wonse, ndipo Chingelezi sankadziwa ngakhale moni. Ankaswera pa windo akusanja timatabwa ta masewera a domino pa tebulo. Mdzukulu akaweruka, iwo ankamufunsa za kusukulu, mwanayo n'kuyankha m'Chingelezi, agogo n'kutembenukira kwa mwana wawo kuti awamasulire. Zinkamvetsa chisoni kuona anthu a magazi amodzi akufuna womasulira pa tebulo la chakudya.

Lamlungu lina masana aneba anagogoda pakhomo panga mwamphamvu, maso ali psuu.

"Vecina, mukudziwa zimene anena bambo anga? Akuti chilankhulo chathu adzapita nacho m'bokosi. Akuti ine ndimalankhula, mwana wanga amangomva, ndipo mwana wa mwana wangayo adzangotsala ndi mayina a zakudya."

"Mwina sakunama," ndinatero, ndikuganiza za wanga.

"Akunama! Mawa mukaweruka tipitire limodzi kwa abusa a tchalitchi cha pamsewupa. Chingelezi chanu n'chabwino, mukandilankhulire. Ndikufuna chipinda. Ndiyambitsa sukulu ya Loweruka."

Ndinawafunsa ngati anaphunzitsapo. Anati ayi, koma kukolopa nakonso anali asanakolopepo m'ofesi asanabwere ku London.

Abusawo anali Mngelezi wofatsa. Anafunsa kuti tikuyembekeza ana angati, aneba n'kuyankha kuti ochepa chabe, ongokwana tebulo limodzi. Anatipatsa kachipinda ka kuseri kwa holo, kosungiramo mipando. Uthenga unayenda pakamwa basi. Aneba ankauza anzawo m'mabasi a m'mamawa, amene ankadzaza ndi anthu okolopa a kwawo, ndiponso m'timashopu ta kum'mwera kwa mzinda kumene ankagula ufa wawo wachimanga ndi kubwereka makaseti a vidiyo.

Loweruka loyamba sindidzaliiwala. Ine ndinapita kukathandiza kupanga tiyi, ndipo ndinatenga mwana wanga chifukwa ndinalibe womusiyira. Basi yoyamba inatsitsa banja limodzi, aneba n'kuomba m'manja ngati apambana mpikisano. Basi yachiwiri itaima, anthu anangoti khamu! Amayi ndi tingolo ta makanda, abambo atanyamula ana pamapewa, wina ndi gitala, wina ndi poto wokulungidwa m'thaulo. Panali a ku Ecuador, a ku Peru, a ku Bolivia, ndi mabanja a ku Chile amene anathawa nkhanza za boma kwawo kalekale, ana awo ali akuluakulu kale koma zidzukulu zili m'manja. Kachipinda kaja kanadzaza nthawi yomweyo. Abusa anabwera akuthamanga ndi makiyi, kutsekula holo yaikulu n'kuyamba kunyamula mipando okha, akuseka.

Pakati pa khamulo panali mayi ena okalamba a ku Spain kwenikweniko, amene anabwera ku London ali mtsikana kudzagwira ntchito m'mahotela. Kwawo anaphunzitsako pasukulu ya kumudzi, choncho aneba anawapatsa choko mosazengereza. Phunziro lisanapite patali, mkangano unabuka. Mayiwo ankatchula mawu ena ataika lilime pakati pa mano, ndipo a ku mayiko enawo anayamba kuseka kuti ana awo asaphunzire kulankhula ngati munthu woguluka dzino. Wina anafunsa kuti basi aitchule chiyani, ndiye kunapezeka kuti dziko lililonse lili ndi dzina lakelake. Anthu anaimirira, manja m'mwamba, aliyense akuikira kumbuyo mawu a kwawo. Ine sindinkamva kanthu koma ndinaseka mpaka misozi. Ana ankangoyang'ana, kukamwa kuli yasa. Ndikhulupirira kuti ambiri a iwo kanali koyamba kumva chilankhulo cha m'khitchini mwawo chikudzaza holo yonse, chikulankhulidwa ndi anthu osawadziwa.

Pobwerera kunyumba aneba ankavina pa masitepe. Koma bambo awo anakana kupita. Anati sukulu ya tsiku limodzi singalimbane ndi sukulu ya sabata yonse, kuphatikiza wailesi ya kanema ndi anzawo a pabwalo.

Patapita milungu ingapo kunabwera mlendo amene sitinkamuyembekezera, Mngelezi wonenepa amene ankayendetsa basi ya kwathuko. Anati wakhala akutsitsa anthu pa tchalitchipo Loweruka lililonse, ndipo akufuna kuphunzira nawo chifukwa akadzapuma pa ntchito akufuna kukakhala ku Spain, kumene kuli dzuwa. Anamukhazika pa kampando ka ana, mawondo akugunda tebulo. Kenako anabweretsa mkazi wake ndi mlamu wake. Aneba anathamangira kwa bambo awo ndi nkhaniyo, ine ndili pambuyo.

"Bambo, mwaona? Eni dziko akuchifuna okha Chisipanishi chathu! Ngakhale kusekondale akuphunzitsa. Chifa bwanji?"

Mkuluyo anayankha modekha, aneba n'kundimasulira akupukusa mutu. Anati Mngeleziyo aphunzira kuitanitsa mowa ndi kufunsa njira, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma chilankhulo chimakhala chamoyo ngati mwana akutha kupsa nacho mtima.

Nyengo yozizira itafika, ana sankatulukanso panja, ndipo agogowo anayamba kuwaphunzitsa domino ndi manja okha. Tsiku lina masana ndinali kwa aneba tikusenda mbatata, agogo ali pa tebulo ndi atsikana awiri aja. Ndinaona ndi maso anga mkuluyo akukankhira kathabwa kamodzi pansi pa mkono wa juzi yake, osabisa n'komwe. Mdzukulu anaona. Anadzuka pampando, nkhope itafiira, n'kufuula. Sindinamve mawu ake, koma ndinamva kuti si Chingelezi. Aneba anandiuza pambuyo pake kuti anati, "Agogo, mukuba! Tulutsani! Ndakuonani!" Sanalekere pomwepo. Mawu anangokhuthuka, ena olakwika, ena osakaniza, koma onse akuthamanga. Agogo anakana kwamtuwagalu, mwana n'kulimbikira, mpaka anawagwira mkono n'kukutumula kathabwako pa tebulo.

Aneba anali atandigwira pamkono, akunditsina osadziwa, mpaka ndinatupa. "Musalankhule, vecina, musalankhule," ankanong'ona, ngati kuti tikatulutsa mawu mwanayo abwerera ku Chingelezi. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, akupukuta m'maso ndi kansalu.

Loweruka lotsatira agogowo anavala suti imene anasoka okha n'kupita nafe. Anakhala pafupi ndi khomo, akukonza ana akalakwitsa ndi kukangana ndi aphunzitsi a ku Spain aja pa nkhani ya lilime ndi mano. Komabe sanagonje. Aneba atawafunsa ngati asintha maganizo, anati, "Uyu yekha ndavomera. Za ana ake tidzaona, ngakhale ine sindidzakhalapo."

Kunyumba kwanga nako zinthu zinkachitika. Madzulo ena amuna anga anatsitsa buku limene ankawerenga n'kutchera khutu ku bafa. Mwana wathu ankaimba nyimbo ya Chisipanishi, mawu onse ali m'malo mwake.

"Amayi a mwana, kodi tinabereka wa ku Colombia?" anandifunsa.

Tinaseka, koma mumtima mwanga munali zinthu ziwiri. Ndinkanyadira kuti mwana wanga ali ndi khutu lakuthwa, ndipo ndinkachita nsanje kuti chilankhulo cha eni chalowa pamene changa chikukanika. Nsanjeyo inachepa tsiku limene aphunzitsi aja anamuimiritsa n'kumufunsa kuti kwawo amapatsana moni wotani. Anandiyang'ana ndili pa tebulo la tiyi n'kunena momveka kuti, "Muli bwanji?" Aphunzitsi anauza holo yonse kuti ibwereze. Ana, makolo, agogo aja, ngakhale dalaivala wa basi, onse anafuula kuti muli bwanji. Ketulo inatsala pang'ono kundipulumuka. Ndinayankha ndekha kuti ndili bwino, kaya inu, ndipo anaomba m'manja ngati ndaimba nyimbo.

Sabata yomweyo ndinaimbira foni mabanja achimalawi amene ndinkawadziwa, kuti nafenso tiyambe zathu. Ena anali ku Wembley, ena ku Romford, ulendo wa mabasi ndi masitima osinthasintha. Anabwera ndithu kangapo, pabalaza pathu. Koma inali nthawi imene kwathu boma linali litangosintha, ndipo akuluakulu akangokhala pansi nkhani inali ya ndale ndi ya amene akuganiza zobwerera. Ana ankazemba n'kukasewera kuchipinda m'Chingelezi. Kenako mtunda unatigonjetsa, tinasiya.

Pamenepo ndi pamene ndinaona kusiyana kwake. Anzathuwa anali ochokera m'mayiko ambiri koma chilankhulo chimodzi, ndipo mwezi uliwonse kunkafika atsopano amene sankadziwa Chingelezi, ana awo n'kumakakamiza ana obadwira kuno kuti alankhule. Anali ndi makaseti a nyimbo ndi a masewero, ndipo Angelezi omwe ankachisirira. Ife tinali ochepa ndi omwazikana. Ndinawadandaulira aneba zimenezi.

"Holo simukuifuna inu," anatero. "Muli ndi tebulo. Muzikangana naye mwana wanuyo."

Ndinachitadi zomwezo. Pa chakudya ndinkakhala ngati wogontha mwana akalankhula Chingelezi, ndipo ndinkamuputa dala, kumuuza kuti nyama yake ndi yanga. Zinatenga nthawi, ndipo Chichewa chake mpaka lero chili ndi kafungo ka London, koma amandiyankha.

Sukulu ya aneba inakula mpaka anaigawa magulu, ang'onoang'ono m'mawa, akuluakulu masana. Sikuti onse anapitiriza. Ana ena akafika kusekondale ankachita manyazi n'kusiya, ndipo makolo ena ankati ndi bwino mwana alimbikire Chingelezi kuti asadzagwire mopu ngati iwo. Aneba ankakhumudwa tsiku limodzi, mawa lake n'kupeza banja lina latsopano.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo amuna anga anapeza ntchito kumpoto kwa mzinda, ndipo tinayamba kulongedza. Tsiku lina aneba anandiperekeza kukafuna makatoni kumsika. Tili pa siteji, kumbuyo kwathu kunaima anyamata awiri ovala zovala zopentera nyumba, akucheza motsitsa mawu. Ndinaona khutu la aneba likutembenuka. Anasiya chiganizo chimene ankandiuza chili pakati, n'kupita kukaima pamaso pawo.

Anyamatawo anadzidzimuka, kenako nkhope zawo zinawala atamva chilankhulo chawo. Anali atangofika kumene kuchokera ku Ecuador. Basi yathu inabwera, ine n'kukwera phazi limodzi ndikuitana kuti, "Aneba, tiyeni!" Iwo anangondikupizira dzanja kuti ndidikire. Dalaivala anatseka chitseko n'kupita, ine ndili panja.

"Mwawafunsa chiyani chotisiyitsa basi?" ndinafunsa atabwerera.

"Ndawafunsa ngati ali ndi ana. Wamtaliyo ali ndi atatu, akubwera ndi mayi awo mwezi wamawa." Anatikita m'manja ngati munthu amene wapeza malonda abwino. "Atatu, vecina! Tidikire basi ina."