Getsi Limene Fyson Anandikhomera Pawindo

Anzanga, ine Fyson ndinamuona koyamba ali pamwamba pa makwerero.

Ndinali nditangofika ku Mzuzu kuchokera ku Zomba kudzayamba yunivesite. Malo ku hositelo anali atatha, ndiye ndinapeza kachipinda ku Lupaso, kumene aliyense ankamanga nyumba za lendi za ana asukulu. Fyson ndi amene ankaika mawaya a magetsi pamalo pathupo.

"Monile sisi. Tandipatsirani pulayazi ili pansiyo."

Monile sindinkadziwa kuyankha kwake, ndinangoti zikomo. Anaseka mpaka makwerero kugwedera.

"Kuno timati yewo. Ndinu a kumwera eti?"

Basi, zinayambira pomwepo...

Fyson sanali wa maluwa kapena timawu totsekemera. Ukadandaula kanthu, mawa lake wafika ndi zida. Akuba atathyola kwa aneba ndinamuuza kuti ndikuopa mdima. Anabwera ndi chigetsi cha sola choyera mbee, chija chimayakabe ngakhale magetsi athime, n'kuchikhoma kunja, pamwamba pa windo langa penipeni. Kenako anandipatsa karimoti kake.

"Koma usamalizimitse, Jenet. Likamayaka uzidziwa kuti ine ndilipo."

Ndinamva kukoma anzanga! Katani yanga inali kachitenje kopyapyala, chipinda chonse chinkawala ngati masana, ine n'kumati chikondi ndi chimenechi.

Tulo tinayamba kundithawa pang'onopang'ono. Thupi lotopa, koma maso ali gwa. Ndikatopa ndi kutembenuka ndinkatenga foni n'kumangoona zithunzi za anthu. M'kalasi kusinza, maso ofiira, mutu kuwawa, kanthu kakang'ono ndakalipa kale.

Fyson anayamba mafunso.

"Unali online mpaka kucha. Umacheza ndi ndani?"

"Palibe. Tulo sitikubwera basi."

"Mtsikana wopanda mwana wolira, tulo tisowe bwanji?"

Ndinalumbira kuti palibe munthu. Ndinayesa nkhani yatha, makamaka atandiuza kuti Lamlungu lotsatira akandionetsa kwa mayi ake ku Mchengautuwa. Azakhali ake nawonso adzakhalapo, ndipo iwo akavomera, nkhani ipita kwa amalume.

Ndinakonzeka anzanga. Chitenje chatsopano, duku kumutu, moni wa Chitumbuka nditaloweza. Ndinagwada bwinobwino, mayi ake mpaka anamwetulira.

Kenako anati, "Tiyambe tapemphera."

M'nyumbamo munali kamdima kabwino, kunja kamvula kakuwaza pamalata. Pemphero linali lalitali, la m'Chitumbuka. Ndinatsinzina ngati wina aliyense...

Ndinadzidzimuka ndi chigongono cha Fyson. Ameni anali atanenedwa kalekale. Mutu wanga unali paphewa la azakhali, malovu atanyowetsa bulauzi yawo.

Azakhali anadzipukuta pang'onopang'ono, n'kulankhula m'Chichewa dala kuti ndimve.

"Ana a pa yunivesite awa. Masana tulo, usiku kaya amakhala kuti."

Mayi ake sanakalipe. Anangoti, "Fyson, mperekeze mlendo akapume."

Panjira sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

"Wandichititsa manyazi chomene. Tangondiuza dzina lake."

"Dzina la ndani, Fyson? Palibe munthu."

Anaimitsa kabaza, anandikweza, n'kutembenuka. Madzulo ake ndinapeza wandibuloka pafoni.

Ndinalira mpaka mnzanga wa m'kalasi, Tina, anandikokera ku kiliniki. Anesi anandifunsa zambiri, kenako anati, "Mukamagona m'chipinda mumakhala mdima?"

Ndinawafotokozera za getsi lija monyadira ndithu. Anapukusa mutu.

"Magetsi oyera kwambiriwa, komanso foni, amatulutsa kuwala kwa buluu. Kukamalowa m'maso usiku, thupi limayesa kukadali masana, ndiye silikonzekera tulo. Zimitsani, ikani katani yochindikala, foni muziisiya patali. Mukapanda kusintha mubwerenso."

Ndinatuluka ndikuthamanga. Ndinati Mulungu wandiyankha, umboni uja ndi uwu!

Ndinamupeza ku Chibanja, pa nyumba yosanja imene inkamangidwa, ali pamakwerero ngati tsiku loyamba lija.

"Fyson, tatsika. Ndadziwa chimene chimandisowetsa tulo. Ndi getsi lija."

Sanatsike.

"Mabodza akuthera mpaka wayamba kunamizira getsi?"

"Anesi ndi amene anena. Tiye ukamve wekha."

"Ine ndinakuikira kuti ndikuteteze, lero ukuti ndine ndakudwalitsa. Chabwino. Ndituma munthu adzalichotse, uzilandira alendo ako mumdima."

Anzake amene ankasakaniza simenti anasiya mafosholo n'kumandiyang'ana. Ndinali ndi mawu ambiri, koma amene anatuluka ndi awa okha:

"Ayi, lisiye."

Anapitiriza kumanga waya wake, ine ndinabwerera ku Lupaso wapansi.

Anzanga, munthu akasankha kusakukhulupirira, ngakhale umubweretsere chipatala chonse sangamve. Fyson anakhulupirira foni, anakhulupirira azakhali, ine amene ndinamuuza zoona kuyambira pachiyambi ayi. Zimandipweteka kwambiri.

Semesita yathayi ndalephera maphunziro awiri. Tina amandikalipira tsiku lililonse.

"Iwe mankhwala ukuwadziwa. Kungodina kabatani basi, chikuvuta n'chiyani?"

Karimoti kaja kali pansi pa pilo, ndimakagwira, chala chimafika pakabatani. Ndikudziwa kuti ndikadina ndigona tulo tabwino.

Koma anati likamayaka ndizidziwa kuti alipo, ndipo china chilichonse chake anatenga. Mpaka lero sindinalizimitse.