A Jere ndi Mtengo wa Bulugamu

Ntchitoyi ndinaipeza chifukwa cha njinga. Nesi wina wa pa boma ku Mzimba, Sisita Nyirenda, ankafuna munthu womuthandiza kuyendera okalamba odwala khansa m'midzi ya ku Manyamula, ndipo mwa tonse amene tinabwera, wa njinga ya mabuleki ndinali ndekha. Chitumbuka changa chinali chotsimphina, poti ndine wa ku Kasungu, koma iwo anati ndikaphunzira konko.

Anandiphunzitsa kutsitsa chikope n'kuona ngati m'kati mwayera, kumanga lamba wa makina a BP pamkono, ndi kubaya chala n'kudonthezera pa kamakina koyezera kuchuluka kwa magazi. Mankhwala a khansa amatsitsa magazi, ndipo akachepa kwambiri, adokotala amakubweza osakupatsa. Wodwala akamangogona chakudya sachifunanso, miyendo imalobodoka, magazi amatha kuundana m'mitsempha. "Kuyenda sikuchiza khansa," ankatero Sisita, "koma aziyenda pang'ono tsiku lililonse. Wefuwefu akawatseka pakamwa, aime."

Kunena n'kosavuta! A Jere, mdala wa khansa ya m'chikhodzodzo, anali atabwezedwapo kale ku chipatala cha ku Mzuzu chifukwa cha magazi ochepa, ndipo kubwezedwanso kukanapatsa matendawo mpata. Koma akazi awo, a NyaMoyo, ankakhulupirira kuti kuyenda n'kumene kumamaliza magazi. Chinanso, pakhomopo sipankatha anthu odzazonda, ndiye munthu wamkulu angasiye bwanji alendo pampando n'kumakazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira? Ndinataya malovu mpaka ndinayamba kupsa mtima.

Tsiku lina ndinaona mdalayo akudzuka ndi ndodo kuti aperekeze mkulu wa mpingo. Palibe anawaletsa. Ndani angaletse mwini khomo kuperekeza mlendo? Ndinawanong'oneza a Jere kuti mlendo aliyense azimufikitsa pa bulugamu wa kumapeto kwa bwalo. Anaseka n'kunena kuti Achewa ndife akathyali, koma anavomera. Pang'ono ndi pang'ono mbale inayamba kubwerera yopanda kanthu, zikhatho zikufiirako.

Ulendo wa ku Mzuzu utayandikira, kunabwera bambo a mpongozi wawo kuchokera ku Euthini. Mlendo wotere saperekezedwa pafupi. A Jere anapitirira bulugamu, anapitirira dimba, mpaka kumsewu, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Pobwerera miyendo inakana.

Ndinawapeza atagona pansi pa mtengo m'mbali mwa njira, thukuta lili kamukamu, anthu atawazungulira. A NyaMoyo atandiona anangoti, "Mbwenu wawamalizira magazi, mwana iwe. Wakondwa?"

Mantha anandigwira moti lamba wa BP ndinayamba ndamumanga mozondotsa. BP inali yotsika, mtima ukuthamanga. Ndinawakweza miyendo pa chikwama changa, n'kuwamwetsa madzi a ORS pang'onopang'ono. Nditabaya chala, magazi sanali atatsika. Ndinaimbira Sisita, amene anati ndi dzuwa ndi ludzu, koma ndiwabweretse awaone. Tinawakweza pa njinga yanga ija, ine ndikukankha, a NyaMoyo atawagwira kumsana osandiyang'ana n'komwe.

Tili m'njira mdalayo anatsegula pakamwa. "Adada, ndinaiwala chinthu chimodzi. Mlendo amayenda kamodzi, woperekeza amayenda kawiri."

A NyaMoyo anakhala masiku osandiyankha moni. Koma ku Mzuzu a Jere sanabwezedwe, analandira mankhwala awo. Kaya kunali kuyenda, kaya nyemba ndi bonongwe zimene anayamba kudya, kaya mapiritsi owonjezera magazi, sindinganame kuti ndikudziwa. Chimene ndinaona n'choti kuyambira pamenepo a NyaMoyo ankaima pakhonde, ndipo amuna awo akafika pa bulugamu ankawaitana kuti abwerere.

Mpaka lero wodwala aliyense sindimufunsa kuti angafike pati. Ndimamufunsa kuti angabwerere kuchokera pati.

A Jere anakolola chimanga chawo chaka chotsatira, n'kudzalanso china. Chachiwiricho sanachidye. Tsiku lowaperekeza kumanda, bokosi litadutsa pa bulugamu paja, a NyaMoyo anandigwira mkono n'kuima pang'ono.

"Yewo chomene, mwana wane," anatero. "Lero sindiwaitana."