Ndinkaweta udzudzu kuseri kwa nyumba yanga

Eya, zimene munamvazo ndi zoona, sindingakane. Ndine amene ndinawathamangitsa mayi aja ndi khasu tsiku loyamba kufika pakhomo panga. Mpaka lero ndikakumbukira manyazi amandigwira, komabe ndinene basi, mwina wina apulumukirapo.

Ine kwathu ndi kuno ku Nsaru, sukulu ndinalekezera sitandade faifi. Kupatula kulima, ndimaumba njerwa. Tsono woumba njerwa aliyense akudziwa kuti dothi umakumba pamene uli pomwepo. Ine ndinkakumba kuseri kwa nyumba, maenje atatu akulu bwino. Dzinja likafika ankadzaza madzi, ine n'kumasangalala kuti mvula ikatha ndidzapondera dothi madzi omwewo, osavutika kukatunga kudambo. Zokwirira sindinkaziganizako n'komwe.

Ndiye tsiku lina, mvula ili pakati, ndikuchokera kumunda ndinapeza mayi wachilendo atanjuta pa dzenje langa. Atavala majombo, m'manja muli chipande chachitali choyera, akutunga madzi, kuwayang'anitsitsa, n'kumathira m'timabotolo. Anali ndi mlangizi wa zaumoyo wa kwathu kuno. Mlangiziyo anayesa kundifotokozera kuti awa ndi ophunzira kwambiri, akuchita kafukufuku wa udzudzu ndi malungo, ndipo akazi anga awalola kale. Koma ine mutu unali utadzaza nkhani za anamapopa zimene tinkakambirana pa bawo. Ndinati kodi munthu wophunzira angasiye ofesi kudzasewera ndi matope anga? Pali china apa. Ndinakweza khasu. Mayiwo anatola timabotolo tawo osabweza mwano. Anangoti, “Bambo, maenjewa muwakwirire, ndipo ana azigona m'neti.” Pamenepo neti yathu ndinali nditatchingira anapiye, kuopa mphamba.

Sindinalekere pomwepo. Ndinauza aliyense kuti mayi wa chipande uja akuthira mankhwala m'madzi. Makomo angapo anawakana chifukwa cha pakamwa panga.

Sipanathe mwezi, mwana wanga Chisomo, wa zaka zinayi, anayamba kutentha thupi ndi kusanza. Tinkangomupatsa timapiritsi ta kugolosale, eti mwina ndi chimfine. Tsiku lachitatu m'mawa anayamba kukomoka, maso atatembenuka, timanja tili gwa. Inu owerenga, amene anaonapo mwana wake ali chonchi akudziwa. Msewu unali matope okhaokha, wa kabaza anakana. Mayi ake a Chisomo anamva kuti galimoto ya mayi wa chipande ili m'mudzi woyandikana nawo, anathamangira komweko. Ine mumtima ndinkati sangabwere, ndinawachita chipongwe chachikulu.

Anabwera. Anasiya ntchito yawo n'kubwera. Sanandifunse za khasu lija. Mwanayo anamuika pamiyendo pawo, atamugoneka cham'mbali, mpaka kukafika kuchipatala. Kumeneko atamuyeza anati ndi malungo akulu, magazi achepa. Anamuika dilipi ndi magazi. Namwino wina anatiuza poyera kuti tikanachedwa pang'ono tikanabwerera ndi maliro.

Chisomo atatuluka, mayi aja anabweranso kwathu, anaodira bwinobwino ngati palibe chinachitika. Anatunga madzi a m'dzenje lija n'kuthira m'botolo, pakamwa pake n'kumangapo kansalu ka neti. Anandionetsa timphutsi tating'ono tikuvinavina m'menemo, tomwe ine ndinkationa chaka ndi chaka n'kumati ndi tizilombo ta m'madzi chabe. Anati ndisunge botololo ndidzaone ndekha, ndisachite kuuzidwa ndi munthu. Ndinaliika pa windo. Masiku ochepa okha, ndinapeza udzudzu uli m'botolo, utatera pa kansalu kaja. Ndinakhala pansi. Kani nthawi yonseyi ine ndinkaweta udzudzu ngati nkhuku, pafupi ndi pogona ana anga!

Tsiku lomwelo ndinagwira khasu lomwe lija n'kuyamba kukwirira. Neti ndinaichotsa kwa anapiye. Kenako ndinayenda makomo onse amene ndinawanamiza, botolo lili m'manja. Kumeza malovu ako omwe n'kowawa, koma ndinameza.

Zimene mayi aja anapeza m'maenje athu akuti anazilemba m'Chingelezi, ine sindingawerenge. Mlangizi amati anzawo ophunzira amaziwerenga ngakhale kunja kwa dziko lino. Ine zimene ndikuona ndi maso ndi izi: ana a ku yunivesite amene mayiwo anawaphunzitsa amabwera ndi zipande zawo mpaka ku Kabudula uko, ndipo alangizi akamaphunzitsa ku sikelo amatchula maenje a njerwa, zomwe kale sitinkamva. Malungo sanathe ayi, ndinganame. Koma pakhomo panga sitikugonanso kuchipatala dzinja lililonse ngati kale.

Tsono abale anga oumba njerwa, mukaotcha uvuni kwirirani dzenje, madzi mudzatunga kudambo. Neti ndi ya ana, si ya nkhuku. Mwana akatentha thupi musadikire tsiku lachitatu. Ndipo mlendo akabwera ndi zida zomwe simukuzidziwa, funsani kaye, musamachite ngati ine.

Chisomo pano ali sitandade folo, wandipitirira kale kuwerenga. Tsiku lina anandifunsa kuti kodi mayi wa chipande amene timangowatchulayu dzina lawo ndani. Ndinachita manyazi kuti pakhomo panga tikuwatchulabe dzina lachipongwe limene ndinawapatsa ine. Ndinamuuza kuti alilembe pachikuto cha kope lake, asadzaliiwale. Dzina lawo ndi mayi Nankhoma.