Mwana wa Kadzidzi m'Chigafa Chathu

Linali Lachinayi, mwezi wa June, nthawi ili 3 koloko masana. Nthawiyo ndikuikumbuka chifukwa wailesi ya amuna anga, imene anaisiya pakhonde ili chilirire, inali itangoitchula kumene. Ndinali ndekha pakhomo ndikuswa mtedza, mwana ali kumbuyo. Amuna anga anali atapita kukadinda fodya pa jeke ya mnzawo, apongozi anga aakazi ali kudimba. Nditakweza maso ndinaona asisi akutsika kanjira kochokera kuphiri. Ankayenda mopendama, dzanja lamanzere atalikoleka m'malaya, linalo litafumbata chipewa chawo pachifuwa ngati muli mazira.

Ndinkawatchula kuti asisi ngakhale sanali m'bale wanga. Anali mtsikana wa ku Lilongwe, wamkulu pang'ono kwa ine, wophunzira za nyama ndi mbalame kusukulu ya ukachenjede. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale ya banja lina la Chisilamu pa Malomo, koma tsiku lonse ankathera m'mapiri. Ntchito yawo inali yofufuza mbalame zodya mbewa m'minda. Ankatola timibulu ta ubweya timene kadzidzi amasanza patsinde pa mtengo, n'kumatiphwanya ndi kachitsulo kuti aone timafupa tili m'kati. Anthu a m'mudzi ankaseka, amvekere: "Makolo kugulitsa ng'ombe kuti mwana akaphunzire masanzi a kadzidzi!"

Ine m'mudzi muno ndine mtengwa. Kwathu ndi ku Mvera. Ndinabadwa wamanyazi, ndipo kuno manyaziwo anawonjezeka. Pamjigo ndinkangotunga madzi n'kubwerera, amayi anzanga akuseka nkhani zimene sindinkazidziwa mutu wake. Chaka chathunthu chinatha ndilibe woti ndingamuuze kuti lero mutu ukundiwawa.

Asisi ndinakumana nawo kumtsinje, mwana wanga ali wakhanda. Ndikuchapa matewera ndinangomva m'tchire muli phwatata, kenako kunatulukira munthu wamkazi wovala thalauza ndi jombo, akudumphadumpha, misozi ili mbwembwembwe.

"Amayi, ndithandizeni, ndikupsa!"

Anali atakwawira pansi pa chitedze potsatira mbalame, mphepo n'kuwakhuthulira ubweya wonse m'khosi. Ndinawavula malaya kuseri kwa bango, ndinawapaka matope msana wonse, n'kuwabwereka chitenje changa. Tinakhala pamwala, iwo akuoneka ngati chiswe chawamangira nyumba pathupi. Kulira kuja kunasanduka kuseka.

"Musakauze munthu kuti munandiona chonchi," anatero.

"Ndikauza ndani? Ine sindilankhula ndi munthu."

"Basitu, lero mwampeza wolankhula naye."

Kuyambira pamenepo, akamatsika kuphiri ankadzera kwathu. Nthawi zonse ankabwera ndi ngozi yatsopano. Tsiku lina anaima pamzere wa linthumbu akuyang'ana kumwamba, mpaka anavina osafuna. Tsiku lina njuchi zinawatupitsa diso, mwana wanga n'kuwakana. Ankakhala pakhonde, kuvula jombo, kutenga mwanayo, iye n'kumakoka magalasi awo. Ankandionetsa timafupa padzanja, n'kumati, "Iyi ndi nsagwada ya kapuku, mnzanga, taonani mano." Ine ndinkawauza za kwathu, za mayi anga, ngakhale zimene sindinauzepo amuna anga. Amuna angawo sankadana nawo. Ankangowanyogodola kuti, "Mukawauze akadzidzi anuwo atisiyireko mbewa, nafenso ndi ndiwo." Apongozi anga ndiwo ankangopereka moni ali chapatali, ndipo asisi akachoka ankasesa pamene panali chikwama chawo.

Lachinayi limenelo asisi sanaseke. Anakhala pansi pakhonde, milomo itauma, nkhope ili thukuta ngakhale kunkazizira.

"Mnzanga, dzanjali ndikuona ngati lathyoka."

Anandiuza kuti owotcha makala anagwetsa mtengo umene munali mphako ya kadzidzi. Ana awiri anafera pomwepo, mmodzi anatsala. Iwo anakwera thanthwe kuti akamuike mumng'alu wa mwala kumene make angamupeze, udzu wouma n'kuwaterereza. Atanena zimenezi anatsegula chipewa chija. Munali kanthu koyera ngati thonje, miyendo italiitali, nkhope yophwatalala ngati kambale. Kanandiyang'ana. Ine ndinabwerera m'mbuyo, dzanja langa linapita lokha kukagwira mwana kumsana.

Asisi anaimbira foni wakabaza wa njinga yamoto kuti adzawatenge. Kenako anandiyang'ana.

"Pa njinga ndiyenera kugwirira ndi dzanja latsalali. Sindingathe kumunyamula. Mundisungire usiku umodzi wokha, mawa ndituma munthu."

"Asisi, ameneyu ndi kadzidzi."

"Ndi mwana chabe, mnzanga. Sadziwa n'kulira komwe. Mukapeza mbewa mumudulire tizidutswa, basi."

Iwo za kadzidzi ankazidziwa, anthu anali atawauza kambirimbiri. Koma kwa iwo zinali ngati nkhani zoopsezera ana. Anakulira m'nyumba ya magetsi, sanamvepo mmene mudzi umakhalira chete mbalameyi ikalira padenga la munthu. Ine ndinamvapo. Mawu oti ayi anafika pakhosi, koma nditaona dzanja lija litatupa ngati mbatata, anabwerera. Ndinatenga katoni ya sopo, tinaboola timabowo, tinayalamo udzu. Njinga itafika, katoniyo inali kale m'chigafa, kuseri kwa fodya amene anali asanasankhidwe.

Mwana anali atayamba kudandaula kuyambira m'mawa, koma ine ndinkati ndi mano. Dzuwa litapendeka ndinamva msana wanga ukutentha. Nditamutsitsa ndinapeza thupi lili moto, bere akulikana. Ndinamupukuta ndi kansalu konyowa. Maso anga ankangopita kuchigafa. Mumtima ndinkadziuza kuti kutenthaku kunayamba asisi asanafike. Kenako mtima womwewo unkandifunsa kuti, nanga bwanji kwakula tsopano?

Apongozi anabwera kuchokera kudimba chisisira chitayamba, atasenza mpiru. Anakhudza mwana pachipumi n'kugwedeza mutu. Ankapita kuchigafa kukatenga lichero pamene phokoso linayamba. Silinali kulira kwa kadzidzi kumene timakudziwa. Linali ngati munthu wodwala chifuwa akukoka mpweya m'mano, fwiii, fwiii, osalekeza. Kakadzidzi kaja kanali ndi njala.

"Njoka!" anakuwa apongozi.

Amuna anga, amene anali akungofika, anatola mpini n'kulowa. Ndinamva akusuntha fodya. Anatuluka atanyamula katoni ija kutali ndi thupi lawo, n'kuiika pakati pa bwalo.

"Amake mwana, ichi n'chiyani?"

Apongozi anasuzumira, ndipo anakhala pansi pomwepo, padothi, mpango utagwa.

"Mayo ine! Apongozi, mwatichita chiyani? Tinakulakwirani chiyani ife?"

"Ndi asisi aja," ndinatero motsitsa mawu. "Athyoka dzanja. Ati usiku umodzi wokha."

"Usiku umodzi!" anatero amuna anga. "Anthu amathamangitsa chimenechi ndi chikuni chamoto chikangotera pamtengo, iwe wachiyalira udzu? Uchiphikirenso phala?"

"Mwanayu anayamba kutentha m'mawa, bambo."

"Ndiye unaona kuti pachepa?"

Apongozi anga si munthu wankhanza. Ndi iwo anandichapira nsalu nditachira, ndi iwo ankandisungira chiwindi akapha nkhuku. Koma anaika m'manda ana atatu amuna anga asanabadwe, ndipo amanena kuti pa ana onsewo kadzidzi anayamba walira padenga. Madzulo amenewo anatenga mdzukulu wawo m'manja mwanga, anamufungatira, n'kumatchula mayina a ana awo aja mmodzimmodzi ngati akuwaletsa kuti asayandikire. Zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipa kwa amuna anga. Ndinalibe mawu owauza kuti akunama, chifukwa inenso ndinkaopa.

Amuna anga anakweza mpini kuti aphwanye katoniyo, koma apongozi anawaletsa.

"Magazi ake asagwere pabwalo pano. Amene anachilandira ndi yemweyo achichotse. Mawa dzuwa lisanatuluke apite nacho pamphambano, akachiphere pomwepo, asacheuke pobwerera."

"Wamva?" anatero amuna anga. "Ndipo mnzako wa mbalameyo asadzapondenso pano. Akadzangoponda, ndiitana ankhoswe, ubwerere kwanu ku Mvera. Ine sindikufuna kukumba manda chifukwa cha chibwenzi cha kumtsinje."

Anakankha katoniyo ndi mpini mpaka kunja kwa mpanda, n'kuikapo mwala pamwamba. Tsiku limenelo palibe anadya bwino. Mbewa zimene amuna anga anabwera nazo zinangokhala m'mbale. Ndikutsuka ziwiya ndinatengako imodzi, ndinaiduladula, n'kuponya tizidutswa pabowo la katoni. Sindikudziwa chifukwa chake ndinatero. Mwina ndinkangofuna kuti phokoso lija lileke. Linalekadi.

Kutacha, kunja kukadali mbuu, ndinabereka mwana, thupi likadali lotentha. Ndinauza apongozi kuti ndikachoka pamphambano ndipitirira naye kuchipatala ku Malomo. Anavomera, n'kundifunditsa shawelo yawo. Katoni ndinaikulunga m'chitenje chakale, ndinaisenza pamutu ngati ndikupita kuchigayo.

Mphambano ili pamene kanjira kathu kamakumana ndi msewu wa ku Malomo. Panali mphepo yozizira, udzu uli ndi mame. Ndinatula katoni, ndinatola mwala waukulu, ndinatsegula. Kambalame kaja kanali kataima pakona, mwendo umodzi katapinda, kakugwedeza mutu uku ndi uku. Pamlomo pake panali kaubweya ka mbewa ija. Ndinakweza mwala. Mwana kumsana anakhosomola, ndipo ndinati, ndichite msanga, mwina apongozi akunena zoona. Koma dzanja linakana kutsika. Ndinaganiza za asisi akuterereka pathanthwe, osataya chipewa chija kuti adzitchinjirize. Ndinaganizanso kuti akadzandifunsa, ndidzawayang'ana ndi maso ati. Ndinataya mwalawo m'tchire, ndinamanganso chitenje, n'kusenza.

Njira yonse ndinkaopa kuti kayamba phokoso anthu akundidutsa. Bambo wina wa panjinga anandifunsa ngati ndikugulitsa nkhuku. Ndinangoti ayi, maso ali pansi.

Asisi ndinawapeza atakhala pakhomo pa kachipinda kawo, dzanja lili m'chikhakha, akuyesa kutsegula botolo ndi mano. Atandiona anasangalala.

"Mnzanga! Mwabwera naye nokha? Wadya? Taonani, andimanga ngati belo la fodya."

Ndinatula katoniyo pamapazi awo. Anatsegula, anayamba kukalankhula kambalameko ngati mwana wawo. Kenako anaona nkhope yanga, n'kuona mwana ali lefu kumsana.

"Chachitika n'chiyani?"

Ndinawauza zonse, za apongozi atakhala padothi, za mpini, za mphambano, za ankhoswe. Sindinalankhulepo mawu ambiri chonchija kwa munthu. Iwo anagwira pakamwa.

"Koma mnzanga, mbalame siingadwalitse mwana. Mwina ndi malungo. Ndipita ndikawafotokozere apongozi anu, ndikapepese."

"Ayi, asisi."

"Ndingopita kamodzi, ndikagwade."

"Ayi. Musabwerenso kwathu. Mukatsika kuphiri muzidzera njira ya kusukulu. Mukandiona pamsika, musandiitane."

Anandiyang'ana, magalasi atachita nthunzi.

"Ndakuonongerani banja, eti?"

"Silinaonongeke. N'chifukwa chake ndikunena."

"Nanga muzilankhula ndi ndani?"

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chitenje changa chija cha kumtsinje, chimene ankangoiwala kundibwezera miyezi yonseyi. Anafuna kundiperekeza kuchipatala, koma ndinakana, chifukwa pamzere sipalephera kukhala munthu wa kumudzi kwathu. Anaweramira mwana, iye anatambasula kadzanja mofooka n'kugwira magalasi awo, ndipo ndinachita kumumasula zala chimodzichimodzi.

Ndinasamba m'manja pamjigo wa pamsika, ndinapukuta mapazi, n'kukakhala pabenchi ya chipatala kumapeto kwa mzere. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa kuti mwanayu watani. Ndinati watentha thupi kuyambira dzulo m'mawa. Ndinamufunditsa chitenje chija pamwamba pa shawelo ya apongozi, n'kumadikira kuti atiitane.