Thobwa la Ketilina

Inu amene dzina lanu linaipa ndipo mukuona ngati silidzayeranso, tamvani za Ketilina, Amake Tamanda, mayi wamasiye wogulitsa thobwa pamsika ku Chipata.

Tsiku lina ana angapo amene anamwa thobwa lake anagonekedwa m'chipatala akutsekula m'mimba. Dolika, mayi wa mmodzi mwa anawo, anafika pamsika nakankha chidebe cha thobwalo ndi mwendo.

"Amake Tamanda, mufuna mutiphere ana? Choka nayo poizoni yako pano!"

Kuyambira pamenepo palibe ankamwa chochokera m'manja mwa Ketilina. Ngakhale pamaliro, akati agwire chikho, amayi anzake ankati, "Pumulani, tichita tokha." Izi zinkamuwawa kuposa njala.

Akanakhala wina akanathawira kumudzi kwawo ku Madzimoyo. Koma Ketilina anali ndi kamtima kouma. Anapita yekha kuchipatala kukafunsa chimene analakwa, poti thobwa ankaphika mpaka kuwira.

"Nanga likalimba mumasungunula ndi chiyani?" anafunsa namwino.

"Manzi a pampopi, asisita. Oyera bwinobwino."

Apa ndi pomwe panagona nkhani. Kudera kwawo madzi ankavuta, choncho aliyense ankasiya mpopi wotsegula, ndowa ili pansi, kuti akabwera asawaphonye. Madzi oyambawo ankafika ofiira, koma anthu ankangowasiya adikhe. Matope akakhala pansi, basi ati ayera. Namwinoyo anamuuza kuti paipi ikakhala yopanda madzi imayamwa zonyansa paliponse pomwe yang'ambika, ndipo tizilombo sitidikha ngati matope.

Ketilina anachita manyazi, kenako mantha, chifukwa khomo lililonse linkachita zomwezo. Anayamba kutsata paipi ya m'dera lawo wapansi mpaka anapeza pomwe inang'ambika, mkati mwa ngalande ya zonyansa, wina atangoikulunga ndi mphira wa njinga.

Ku ofesi ya zamadzi anamuuza kuti abwere mawa. Inu mukudziwa kuti mawa la mu ofesi silifika msanga. Iye ankabwerabe, botolo la madzi ofiira lili m'manja, mpaka alonda anamutcha Amake Botolo. Akachoka uko ankayenda khomo ndi khomo: madzi oyamba tayirani kumaluwa, akumwa wiritsani kapena thirani klorini. Ena ankamutsekera chitseko. Ena ankati, "Wakupha ana lero wasanduka dokotala?" Ankalira akafika kunyumba, m'mawa n'kuyambiranso.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, amatero akulu, koma Ketilina anayankhula ali m'mbuna momwemo. Potsiriza amisiri anabwera n'kusintha paipi ija. Dzinja lotsatira, matenda a m'mimba anachepa m'deralo moti anthu anayamba kunong'onezana okha kuti Amake Botolo ankanena zoona.

Masana ena Dolika anaima pakhomo pa Ketilina, maso ali pansi.

"Amake Tamanda, mwana wanga wamkulu akwatiwa mwezi wa mawa. Anthu azabwera ambiri, mpaka a ku Mwami. Thobwa la pa ukwati nifuna muphike ndimwe."

Ketilina anamuyang'ana n'kufunsa:

"Simuopa?"

"Manzi amene siniyopa mukomboni muno ni a m'nyumba mwanu."

Pa ukwatiwo thobwa linatha anthu akulifunabe, ndipo Ketilina ankatunga yekha, dzanja lake lili poyera.

Anzanga, ngati munalakwitsa, funsani pomwe munaphonya, konzani, ndipo bwererani pakati pa anthu omwewo. Musataye mtima. Amene akukana chikho chanu lero adzabwera okha kudzachipempha.